Tsiku Limene Ankolo Yotamu Anakwirira Bokosi la Mchenga

Ngati munaonera sewero lija la pa TV limene linatuluka nyengo ya Khirisimasi, la azimayi a madiresi okwekwereza pansi ndi azibambo a zipewa zazitali ngati ndowa, ndiye kuti Ankolo Yotamu munawaona. Gawo lachitatu, pamene akukaika maliro a mwini fakitale ya ubweya. Mwamuna wakuda wamtali, kutsogolo kwa bokosi, mbali ya kumanzere. Ine simunandione. Ndinalipo ndithu, nditavala kachipewa komangira pachibwano, koma chimene chinatsala cha ine ndi chigongono basi, ndipo ngakhale Amayi anga amakayika ngati chili changadi. Dzina langa ndine Chiletso, mulisunge, tsiku lina mudzaliwerenga pa mayina amene amayenda kumapeto kwa filimu. Koma lero ndikufuna ndinene za Ankolo.

Si amalume anga enieni. Kwawo ndi ku Dowa, kufupi ndi kwawo kwa Amayi, ndipo kuno ku Bradford chimenecho ndi chibale chokwanira. Anabwera pa viza yosamalira okalamba, mkazi ndi ana anawasiya ku Mponela. Amayi, amene ndi nesi pachipatala, anawapatsa kachipinda kathu ka m'mwamba, kadenga lotsika, komwe amagunda mutu mpaka lero.

Kumudzi ankalima fodya, koma chimene ankadziwika nacho ndi chidzukulu. Zovuta zikagwa, iwo ndi anzawo ankalawirira kumanda ndi makasu, kukumba, kunyamula bokosi, kukwirira, kenako n'kumathamangitsa nkhuku za anamfedwa ndi kuwaseleula mpaka mayi wolira aseke misozi ili m'masaya. Nthabwala zimenezo anabwera nazo kuno. Kunyumba ya okalamba kumene amagwira ntchito amasambitsa azigogo achizungu akuwaimbira nyimbo za kwaya, ndipo kuli agogo ena, a Daphne, amene amakana phala pokhapokha awadyetse Ankolo. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sanachizolowere. Wokalamba akamwalira, kumabwera anthu awiri a masuti, n'kumutulutsira khomo lakuseri kumene kumadzera zochapa, anzake akuonera TV ngati palibe chachitika. Ankolo amasiya chilichonse chimene agwira, n'kukaima pakhomopo manja ali kumbuyo mpaka galimotoyo itakhota.

"Kuno imfa imayenda ngati mbala," ankatero. "Munthu wadya zaka zonsezi, potuluka ngati mtolo wa mabulangete."

Mu Febuluwale wa chaka chimene ndinamaliza sukulu, achimwene awo a Alfred anamwalira. Ndi amene anawalera makolo atapita. Nthawi imeneyo Ankolo anali atapempha viza yatsopano, ndipo lamulo lake ndi lakuti ukatuluka m'dziko usanayankhidwe, pempho lako lafera pomwepo. Choncho maliro anaonera pafoni, m'chipinda chochapira kuntchito kwawo, pa nthawi yopuma. Netiweki ya kumudzi mukuidziwa. Bokosi litangofika pamphepete pa dzenje, chithunzi chinauma pa nsapato za munthu wina. Pamene chinkabwerera, anthu anali akubalalika, nkhata zili kale pamtumbira.

Kuyambira pamenepo Ankolo anazima. Kukwaya ya kutchalitchi besi inasowa. Akaweruka ankangokwera masitepe, ife n'kumva kugunda kwa mutu padenga, popanda ngakhale kutukwana denga monga ankachitira kale. Alamu awo, aNachisale, mkazi wa malemu, ankaimba foni pafupipafupi. Ankolo ankangoivundikira patebulo mpaka itatopa.

"Achimwene, ayankheni alamu anuwo," Amayi anawauza tsiku lina. "Akuyesa kuti mwawakwiyira."

"Ndiwauze chiyani, achemwali? Mudzi wonse ndaika ndine. Wanga andiikira ena, ngakhale dothi sindinalione likulowa."

Ineyo mayeso ndinamaliza mu Juni, n'kukhala pakhomo ngati mphaka wotsekeredwa. Kuyunivesite ndinati ndidikire kaye chaka. Ntchito ya m'shopu ndinaiyesa milungu ingapo n'kuisiya. Ndinkafuna chinthu chachikulu, chimene ngakhale ine sindinkachidziwa dzina. Ndiye pafoni panatuluka uthenga woti a TV akujambula sewero kumapiri a kumtunda kwa tauni, lochokera m'buku lakalekale limene tinkaliwerenga kusukulu, ndipo akufuna anthu odzaza malo, nkhope za mtundu uliwonse. Bukulo m'kalasi linkandigoneka tulo, koma tsiku limenelo ndinalifukula pansi pa bedi n'kulifufuta fumbi ngati Baibulo. Ananditenga. Tsiku limodzi lokha, mu Seputembala.

Vuto linali mayendedwe. Kumaloko basi sifika m'mawa choncho, ndipo Amayi anali pa shifiti.

"Achimwene, muli ofu mawa. Mukamuperekeze mwanayu, angakasochere ndi nkhosa kumeneko."

Ankolo anafuna kukana, koma Amayi akayankhula ndi mawu awo a kuwodi, munthu sakana. Njira yonse ndinawafotokozera nkhani ya m'bukumo, wokonda ndani, wolanda fakitale ndani. Iwo ankangoti, "Ehe." Titafika anati, "Ndikudikira m'galimoto." Koma m'galimoto munazizira, ndipo pasanapite nthawi ndinawaona ataima kuseri kwa chingwe chotchingira anthu oonerera, manja ali m'matumba.

Anandimanga chiuno ndi chovala cha zingwe mpaka kupuma kunakhala kopempha, n'kundiveka diresi lakuda ndi magolovesi akuda. Amene ankatiweta ife odzaza malo anali mayi wina dzina lake Fiona, wa jekete lofiira la mvula ndi wailesi yolendewera paphewa. Anatitsogolera kukwera kaphiri, kuseri kwa katchalitchi ka miyala. Apo ndi pamene ndinadziwa chimene tinabwerera. M'munda wa udzu anali atakumba dzenje lenileni, dothi lakuda litaunjikidwa pambali, ziliza zitazungulira, ndipo panjira panali bokosi lonyezimira litakhala pa mabenchi awiri.

Pa zonse za m'buku lija, maukwati, madansi, ndewu, ine ndinabweretsa Ankolo ku maliro.

Ndinacheuka. Anali atavula chipewa chawo cha ulusi. Nthawi yomweyo mphepo inawomba, chiliza chimodzi n'kuzuka, kuyamba kugubuduzika kutsika phiri, mnyamata wa mahedifoni akuchithamangitsa. Zilizazo zinali za thovu louma lija amatchinjirizira TV yatsopano m'katoni, zongopakidwa utoto. Ndinamva kaphokoso m'mphuno mwa Ankolo, kamene ndinali ndisanakamve miyezi yambiri.

"Chiliza chathawa mwini wake," anatero chapansipansi.

Fiona anatiika m'malo. Ine anandiimika pamphepete penipeni pa dzenje, kumbuyo kwa mayi wosewera ngati wamasiye. Fiona anandiyang'ana n'kunena m'Chingerezi chake cha kuno chomeza mawu, "M'mawa uno tijambula akubwera ndi bokosi. Tikadya, kamera ibwera pafupi kudzatenga nkhope za oima pamandapa. Iwe nkhope yako ndi yabwino, usasunthe pamenepo." Ndikanakhala wopanda chomanga m'chiuno chija ndikanadumpha.

Kenako kunabuka chipwirikiti. Mmodzi mwa onyamula bokosi sanabwere, ndipo onse amene ankawayesa anali aafupi, bokosi linkapendekeka. Fiona anazunguza maso, n'kuima pa munthu wamtali wa kuseri kwa chingwe.

"Bambo inu, munayamba mwanyamulapo bokosi la maliro?"

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ankolo sanamuyankhe iye, anayang'ana ine.

"Chiletso, uwauze bwinobwino mayiwa. Bokosi lopanda munthu sitinyamula. Kumeneko ndi kulaula. Likayenda lopanda kanthu limakafuna mwini wake."

"Ankolo, ndi sewero chabe."

"Maliro sasewera, iwe."

Ndinamasulira, makutu akundiotcha ndi manyazi. Fiona sanaseke. Anati, "Koma si lopanda kanthu. Muli matumba a mchenga, kuti lizilemera ngati munthu. Likapepuka zimaoneka pa kamera."

Ankolo anadutsa pansi pa chingwe, n'kupita pabokosipo. Analitukula pakona ndi dzanja limodzi, kulitsitsa, kulitukulanso.

"Ndi munthu ndithu," anatero. "Wamtali, wosanenepa."

Nkhope yawo inasintha ponena zimenezo, koma ine maganizo anga anali pa kamera. Anavomera. Fiona atatchula za malipiro anakupiza manja. "Ndalama ayi, mayi, viza yanga ingandilume. Kwathu wonyamula maliro salipidwa. Amadya nkhuku basi." Fiona anati kutenti ya zakudya nkhuku iliko, n'kugwirana chanza.

Jekete lalitali limene anawapatsa manja ake ankalekezera pakati pa mkono. Anayamba. Kuchokera pageti la katchalitchi mpaka padzenje, ife tikutsatira mitu ili pansi. Akangoyandikira, mkulu wojambulitsa ankakuwa, onse n'kubwerera pageti. Mtambo waphimba dzuwa, bwererani. Hatchi yachita zake panjira, bwererani. Ndege yadutsa, bwererani. Ulendo wina akubwerera, ndinamva mawu a Ankolo, mokweza ngati ali kwawo:

"Mkuluyu akukana kupita! Fufuzani bwino, alipo mkazi wina amene sanauzidwe!"

Anabwerezanso m'Chingerezi kuti anzawo amve. Mnyamata amene anali mbali inayo, Ryan, wophunzira wa ku Leeds, anayamba kunjenjemera ndi phwete, phwetelo n'kugwira onse, bokosi likuvina pamapewa. Ngakhale wamasiye anabisa nkhope m'kansalu osati chifukwa cha chisoni. Anatibwezanso pageti. Ine ndinakwiya, ndikuopa kuti atithamangitsa, koma panthawi yomweyo ndinkafuna kuimbira Amayi foni kuti amve.

Pomaliza zinatheka. Bokosi analitsitsa ndi zingwe mpaka pansi, wosewera ngati mbusa anawerenga mawu ake, kenako wina anakuwa kuti nthawi ya chakudya yakwana. Simunaone anthu akubalalika pamanda chomwecho. Mbusa anatulutsa foni m'mkanjo, wamasiye anaponyera jekete lapinki pamwamba pa zakuda zake, onse ulendo kutsika phiri. Nane ndinathamanga, njala inali itandipweteka. Nditadya ndinazindikira kuti Ankolo palibe. Ndinawatengera mbale ya nkhuku ndi mbatata, n'kukwereranso kaphiri kaja, diresi ndikulikoka m'matope.

Ndisanafike ndinamva phokoso. Tswee, phu. Tswee, phu.

Anali okhaokha. Jekete anali atalipinda bwinobwino n'kulitsamiritsa pachiliza chathovu. M'manja munali fosholo yakale imene a TV anaizika pamulu wa dothi kuti izingooneka. Bokosi linali litabisika kale theka.

"Ankolo! Mukutani? Sanamalize kujambula!"

"Si anati tapita kukadya?" anayankha osaima. "Ndani amadya dzenje lili yasa? Munthu mwamuika, mwamusiya pamtunda ngati galu?"

"Mulibe munthu, Ankolo, ndi mchenga! Masana ano akufuna..."

Anatembenuka ndipo ndinaona nkhope yawo. Misozi inali itafika mpaka m'kolala yoyera ya shati imene anawaveka. Anaponya dothi lina, n'kuyamba kuyankhula, koma osati ndi ine.

"Achimwene, ndafika mochedwa. Pepani. Mukudziwa kuti si mwano, ndi mapepala a kuno. Munandinyamula pamsana popita kuchigayo, ine ndalephera kukunyamulani paphewa. Ana ali bwino. Kuno kumazizira, achimwene, simukanakukonda."

Ndinaima ndi mbale m'manja. Fosholo iliyonse inkakwirira bokosi, inkakwiriranso nkhope yanga yabwino ija. Ndikanatha kuthamanga kukaitana Fiona, nthawi inalipo. Miyendo inkafunadi kutero.

"Chiletso," anandiitana. "Taponya dothi, mwana wanga. Ndi amalume ako aakulu awa. Sunawaone, koma ndikaimba foni ankafunsa kuti kamtsikana ka achemwali kakukhoza bwanji kusukulu."

Ine ndinabwera kuno ndili wamng'ono. Maliro a kwathu onse ndinkawamvera pafoni ya Amayi, ndili kuseri kwa chitseko. Dothi la pamanda ndinali ndisanaligwirepo. Ndinaika mbale paudzu, n'kutapa ndi magolovesi a eni ake aja. Linali lozizira, lonata. Linagwera pa kachigawo ka thabwa kamene kanali kakuonekabe, ndipo phokoso lake sindidzaliiwala, lili ngati munthu wagogoda kamodzi pachitseko n'kuchoka.

Anamaliza yonse. Mtumbira anauumba ndi kumbuyo kwa fosholo, kuusalaza m'mbali, kuupondaponda kumiyendo. Kenako anaima kumutu n'kuyamba nyimbo ya kumaliro, besi yokhayokha yopanda wotsogolera. Ndinayesa kuikapo mawu apamwamba koma ndinkadziwa ndime yoyamba yokha. Pakati pa nyimbo analira mokweza, kulira kumene ndinali ndisanamvepo kwa mwamuna wamkulu, nkhosa za kutsidya kwa mpanda mpaka zinadzutsa mitu.

Fiona anatipeza choncho. Anagwira mutu ndi manja awiri. Mawu amene anatulutsa sindingawalembe pano chifukwa Amayi awerenga. Wailesi yake inkalira, wina akufunsa ngati pamanda pali pokonzeka. Ndinapita patsogolo pake n'kumufotokozera zonse, za a Alfred, za viza, za foni imene inauma pa nsapato. Ndikuganiza kuti ndi nthawi yokhayo tsiku limenelo imene wina anandiyang'anitsitsa nkhope.

Fiona anazimitsa wailesi. Anatsitsa chipewa cha jekete lake, mphepo n'kumamwaza tsitsi.

"Dzina lawo anali ndani?"

"Alfred," anayankha Ankolo.

Anaima nafe pamenepo kwa nthawi yotalikirapo kuposa imene anali nayo. Kenako anapumira m'mwamba. "Pepani kwambiri, bambo. Koma dzenjeli ndikulifuna, dzuwa lisanapite."

Ankolo anapukuta nkhope ndi mkono wa shati ya eni. "Musavutike, mayi, ndifukula ndekha. Amene ndimamuika uja wapita kale. Atsalamo ndi matumba anu."

Anafukuladi, Ryan ndi anyamata ena akuthandiza. Koma chivundikiro cha bokosi chinatuluka chitakalikakalika, matope atadzaza m'zogwirira zake zonyezimira. Akuchipukuta, mvula inayamba, yopyapyala ija ya kuno yosadziwa kusiya. Mkulu wojambulitsa anayang'ana kumwamba, anayang'ana bokosi, n'kunena kuti za nkhope zija azisiye, zimene ajambula m'mawa zikwanira. Anatiuza kuti tikavule. Palibe anatikalipira, komanso palibe anatiitananso. Fiona anathamangira galimoto yathu ndi nkhuku ina yokulunga m'pepala, poti yoyamba ija inanyowa paudzu.

Ndinkayesa kuti ndilira. Ndinadikira kuti mkwiyo ubwere, koma sunabwere. Tisanalowe m'galimoto Ankolo anatulutsa botolo la madzi.

"Tambasula manja. Kuchokera kumanda sitilowa m'nyumba osasamba."

"Iyi ndi galimoto, Ankolo."

"Ndimagonamo pa buleki. Ndi nyumba."

Anandithirira, ine n'kuwathirira. Tinatsika phiri, iwo akudya nkhuku ndi dzanja limodzi, akudandaula kuti azungu amaopa mchere ngati ufiti. Kenako anati, "Kodi zako zija za kamera zinali masana?" Ndinati ee. "Ndakuonongera, eti?" Ndinati ayi, ndipo ndinadabwa kumva kuti sindikunama. Mpaka lero ndikaganiza za tsiku limenelo sindiona makamera. Ndimamva kuzizira kwa dothi m'manja, ndipo ndimathokoza kuti munthu woyamba kundiimika pamanda monga mwana wa pamudzi anali Ankolo Yotamu, ngakhale manda ake anali obwereka.

Tisanafike pamsewu waukulu anapatukira pambali, pafupi ndi mpanda wamiyala, n'kuzimitsa injini. Anapukuta zala pathalauza, anatulutsa foni, anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaimba. Inalira kawiri.

"Alamu? Ndine. Ee, ndine ndithu, ndili moyo. Ayi, musalire, mukalira inu ine nditani? Pepani, alamu. Pepani kwambiri. Ndinasowa pakamwa poyambira."

Mawu a aNachisale ankamveka pang'ono, akuthamanga ngati madzi otsegulidwa. Ankolo ankangoti, "Ee. Ee. Ndamva." Patapita nthawi anakhosomola.

"Tandiuzani, anakumba ndani? Watson? Watson wake uti, wa kwa a Chimbalanga? Mayo ine! Ameneyo amakumba ngati akubzala mbatata! Munayeza ndi ndodo? Achimwene akhoza kutulukatu, kudzakufunsani fodya wawo!"

Kutsidya kwa foni kunamveka kuseka kosakanikirana ndi kulira. Ndinatsegula chitseko mwakachetechete n'kutuluka kuti ayankhule momasuka. Mvula inali ikadagwa. Ndinakhala pampanda wamiyala, tsitsi likunyowa, ndikuyang'ana nkhosa, ndipo anacheza mpaka batire inatha.